Chimene a Magalasi Ananena

9 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Muli bwanji pamodzi ndi alamu, amayi ndi ana? Mwendo wa amayi ukutupabe? Nanga mwana wanga wazolowera sukulu yatsopano ija? Mundiuze zoona, osati zongondisangalatsa.

Ine ndili bwino. Ntchito ndi yomwe ija, kusita nsalu za pabedi za mu hotela kuyambira m'mawa mpaka miyendo itauma. Kochapira kwathu n'kunsi kwenikweni kwa nyumba, kopanda zenera, ndipo makina ositira amatentha ngati ng'anjo. Chinenero cha kuno ndikumvako mawu a pantchito okha: bwera, pinda, fulumira, walakwitsa.

Munafunsa ngati ndapeza kopemphera. Ndapeza. Ndi holo ya pamwamba pa sitolo ya matayala, moti nyimbo timaimba fungo la mphira lili m'mphuno. Anthu ake ndi a mayiko osiyanasiyana. Abusa amalalikira m'chinenero cha kuno, ndipo pali bambo wina wotchena amene amamasulira. Akuti amadziwa zinenero zisanu, chathunso amachithyolako, ndiye ine ndinawapatsa dzina loti a Malilime.

Andiika m'gulu losamala tchalitchi Loweruka masana. Gulu lakelo ndi anthu awiri basi, ine ndi mayi wina wa dziko lina, wamkulu pang'ono kwa inu, wa magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo. Dzina lawo anandiuza katatu koma lilime langa linakana, ndiye ndimangoti a Magalasi. Iwonso langa linawakanika. Sitimvana ngakhale liwu limodzi. Timakolopa, timapukuta mipando, timatsuka timakapu ta mgonero, kenaka timasanja zovala zimene anthu amapereka kuti zipite kwa osauka, m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Zonse n'zolozerana ndi chala. Tsiku loyamba ndinajambula chidebe m'malere ndi manja, iwo n'kundibweretsera ng'oma ya akwaya. Tinaseka mpaka kukhala pansi.

Sabata yatha ndinapsa dzanja kuntchito. Atangoona bala, anandilanda chokolopera, kundikhazika pampando, n'kugwira ntchito yonse okha kwinaku akundikalipira m'chinenero chawo. Kukalipako ndinakumva bwinobwino, kunali ngati kwanu komwe. Iwo amakanda ufa kophikira buledi, ndipo amandibweretsera buledi wothyoka amene sangagulitsidwe. Timamwera tiyi, iwo akulankhula zawo, ine zanga. Ndawauza zonse za bambo a mwana wanga, ngakhale zimene inu sindinakuuzeni, ndipo anapukusa mutu pamene panafunikadi kupukusa.

Ndine mng'ono wanu.


2 Epulo

Mng'ono wanga,

Kalata yako inafika. Amayi ndawawerengera kawiri, kudumpha za bambo a mwana. Mwendo waphwerako, akutha kufika pachipata osagwira khoma. Mwana wako masamu akukhoza, koma pakamwa watengera iwe. Dzana anauza aphunzitsi ake kuti alakwitsa pa bolodi, ndipo choipa n'choti analakwitsadi. Alamu ako anaseka mpaka kutsokomola, akuti mwanayu adzafika patali ngati sadzam'menya panjira.

Tsono iwe, mnzako woti sumumva? Ukudziwa bwanji kuti pamene akumwetulira sakunena kuti taonani mphuno yakeyo? Ine makasitomala anga ndimawamva mawu onse, komabe amandinamiza kuti nsalu anabweretsa inali yokwanira. Ndipo zimene sunandiuze ine, mchemwali wako amene ndinakubereka kumsana, wakauza munthu wosamva? Chabwino, ndaziona.

Chenjera. Ndiwe wofulumira kukonda, ndiwenso wofulumira kupsa mtima, ndipo pa ziwirizi sindidziwa chimene chimandiopsa kwambiri.

Ukapeza mpata unditumizire masingano a makina osokera, a kuno akumathyoka ndikangoyamba yunifomu. Amayi akuti uzivala zofunda.

Mchemwali wako.


11 Meyi

Achemwali,

Moni kwa nonse. Mundikhululukire, lero sindifunsa zambiri. Munanena zoona.

Lamulungu lapitalo, mapemphero atatha, anandiitana ku bwalo la akulu a mpingo. Ndinapeza abusa, akulu atatu, a Malilime, ndi a Magalasi maso ali otupa. A Magalasi analankhula nthawi yaitali, mawu akuduka, kenaka anandiloza. Anandiloza kawiri. A Malilime anamasulira kwa abusa, n'kutembenukira kwa ine ndi nkhope yachisoni.

"Mayiwa akuti akhala akukuonani mukulowetsa zovala za osauka m'chikwama chanu."

Ndinakana, ndinalumbira, ndinakhuthula chikwama changa patebulo. Abusa anangoyang'ana pansi. Dzulo alengeza pa guwa kuti ndapumitsidwa pa ntchito za mpingo ndiponso pa mgonero. Potuluka, amayi ena anayamba kukumbatira zikwama zawo ndikamadutsa. Ine, mwana wa amayi amene anatikwapula tonse awiri chifukwa cha batani lotola panjira! Pamasitepe a Magalasi anandigwira mkono ngati palibe chachitika, ine ndinawakutumula.

Sindikudya. Ndikamasita ndimaona nkhope yawo pansalu iliyonse. Ndinawachitira chiyani? Mwina akufuna ntchitoyo ikhale yawo yokha kuti azisankha zovala momasuka. Kaya. Koma andidziwa.

Tsiku lina anandionetsa pepala lawo lowaloleza kukhala m'dziko muno, n'kundilozera tsiku lake. Linatha chaka chatha. Anapingasa manja ngati womangidwa unyolo, n'kuika chala pakamwa, ine n'kuvomera ndi mutu. Chinsinsi chimenecho ndinachisunga ngati changa. Tsopano sindichisunganso.

Alamu anaphunzitsa chinenero cha kuno zaka zambiri. Muwapemphe andilembere kalata yopita ku ofesi yoona za alendo, yopanda dzina la wolemba, yonena kuti kophikira buledi kuja kuli mayi wopanda mapepala. Kuseri kwa tsambali ndalemba keyala ya ofesiyo, msewu wa kophikirako, ndi dzina la mayiwo monga lalembedwera pa ndandanda ya ntchito za kutchalitchi. Akalemba munditumizire. Ichitike msanga. Iwo anandichotsa m'nyumba ya Mulungu, ine ndiwachotsa m'dziko.

Mng'ono wanu.


22 Meyi

Achemwali,

Moni. Ngati alamu sanalembe kalata ija, asalembe. Ngati alemba, ing'ambeni, muitenthe.

A Magalasi anandidikirira pakhomo la kuseri kwa hotela masiku atatu, ine ndikuwadutsa ngati mtengo. Tsiku lachitatu ndinawapeza ataima ndi akhukhi a pahotela pathu, bambo wa dziko lawo amene ndinkangopatsana naye moni. Akhukhiwo chinenero cha kuno amachidziwa bwino. Anandilankhula pang'onopang'ono ngati mwana, akubwereza, ndipo pamene mawu andithera, a Magalasi ankaonetsa ndi manja. Kenaka anatulutsa m'pepala bulauzi yong'ambika paphewa mpaka pachifuwa.

Apa m'pamene mutu wanga unatseguka. Loweruka lija lisanafike tsiku la bwalo, ndinatsika kukatunga madzi kumpopi wa pansi chifukwa wa m'mwamba unauma. Pobwerera ndinakumana ndi Malilime akutuluka m'kachipinda ka zovala, akukonza tayi, tsaya lili ndi mkwasa wofiira. M'katimo a Magalasi anali atagwada, akufufuza magalasi awo pansi, atadzifunda juzi. Ine ndinkayesa agwa. Ndinawatolera magalasiwo, mwendo umodzi utathyoka, osafunsa kanthu. Ndikanafunsanso bwanji?

Iwo anapita kukadandaula kwa abusa. Abusa, posawamva, anaitana womasulira. Womasulira wake uti? Yemweyo. Mayi akulira kunena zimene munthu wawachita, munthu yemweyo ali chilili pambali pawo kusandutsa mawu awo kukhala nkhani ya zovala. Pondiloza paja ankati, "Funsani uyu, anamuona akutuluka." Iye anaona kuti mboni ndi ine ndekha, ndiye anandipaka umbava kuti pasadzakhale wondikhulupirira. Kwa a Magalasi ananena kuti abusa aimva nkhaniyo ndipo aiganizira. Zoti ine ndatchedwa wakuba m'dzina lawo anazimva patapita sabata, kwa akazi a akhukhiwo, amenenso amapemphera nafe.

Tinalira pakhomo pomwepo, pafupi ndi migolo ya zinyalala, mpaka akhukhi anatiuza kuti supu wawo akupserera.

Za kalata ija sindinawauze, ndipo sadzazidziwa. Koma njoka ija, Achemwali, ndithana nayo. Sindikudziwa kuti bwanji. Ndikufuna ndidzamuone ataima pamaso pa anthu, zinenero zonse zisanu zitamuuma m'kamwa.

Yankhani msanga kuti mtima ukhale pansi.

Mng'ono wanu.


27 Meyi

Mng'ono wanga,

Kalata yako ya pa 11 yafika Lachinayi. Ndinaiwerenga ndili pamakina, ndinasoka mkono wa diresi ya mwini wake chozondoka. Amayi sindinawauze, angadwale.

Ndinakuuza kapena sindinakuuze? Kamfiti kameneko kadya nawe buledi miyezi itatu kakukuyeza pokubaya. Banja lathu ndi losauka, koma palibe anatitchulapo akuba.

Alamu ako poyamba anakana. Ati nkhani tamva mbali imodzi, ati kubwezera n'kwa Mulungu. Ndinawauza kuti Mulunguyo amatumanso anthu, ndipo sindinawalankhule masiku awiri, ngakhale moni. Dzulo alemba. Anandimasulira, ndipo ndikuuze, ndi kalata yakuthwa, yoti bwana aliyense akawerenga adzuka pampando.

Sindinakutumizire iwe ayi. Ndinaganiza kuti ikayamba yafika kwa iwe kenaka n'kupita ku ofesiko, nthawi itayika, komanso ikakhala ndi sitampa ya komweko akhoza kukuganizira. Ndaiponya ndekha lero m'mawa, molunjika pa keyala unalemba ija. Unati ichitike msanga, ndiye yachitika msanga. Tsopano idya, unenepe, uziyenda mutu uli m'mwamba.

Masingano aja usaiwale.

Mchemwali wako amene sakusiya wekha.


19 Juni

Achemwali,

Makalata athu anaphonyana panjira. Yanu ndinailandira Lolemba. Ndinathamangira kophikira buledi ndili ndi yunifomu ya kuntchito kuti ndikawauze a Magalasi athawe. Eni ake anandiuza kuti a ku ofesi ya alendo anawatenga Lachisanu m'mawa, ufa uli m'manja. Sanawalole ngakhale kusamba.

Akuwasunga m'nyumba ina kunja kwa tauni, komwe amaika alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Ndinapitako ndi akhukhi tsiku lawo lopuma. Ndi chipinda chachitali cha matebulo okhomerera pansi, mlonda ali pakhomo. Atandiona anamwetulira, n'kundigwira manja onse awiri. Ankayesa kuti wawaneneza ndi Malilime, ndipo akhukhi nawonso ankayesa choncho. Ndikanatha kungokhala chete. Bodza limenelo likanandikwana bwino ngati diresi yosoka inu.

Koma ndinalephera. Ndinauza akhukhi kuti amasulire zonse monga ndikunenera, asachotse kanthu, pakuti mayiwa anamizidwa mokwanira ndi omasulira. A Magalasi anamvetsera, n'kupempha kuti abwereze. Atabwereza, anachotsa manja awo pa anga pang'onopang'ono, n'kuwaika pamiyendo pawo. Sanalire. Ali ndi ana awiri kwawo amene amadalira ntchito ya buledi ija, wamkulu watsala chaka chimodzi kuti amalize sukulu.

Atalankhula, akhukhi anamasulira maso ali pakhoma. "Akuti uja anawang'ambira bulauzi, koma iwe wachotsa chakudya pakamwa pa ana awo."

Kenaka anapempha pepala ndi cholembera kwa mlonda. Analemba masamba atatu osadzutsa mutu, zonse zimene zinachitika m'kachipinda muja ndi pabwalo paja, n'kusaina. Anandikankhira mapepalawo patebulo.

"Akuti popeza kubwezera umakudziwa chonchi, ukabwezere koyenera."

Anawakweza ndege Lachitatu. Sindinaloledwe kukawaperekeza, ndipo sindikudziwa ngati akanafuna.

Ndinati akalemba munditumizire, Achemwali. Munditumizire ine. Ndinalemba momveka. Pakali pano sindingathe kulemba zambiri kwa inu. Mupsompsone mwana wanga.

Mng'ono wanu.


5 Julayi

Mlamu,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ndalemba ndine chifukwa achemwali ako akhala sabata osatsegula makina. Akayamba kalata amaing'amba. Amayi ali bwino, mwana ali bwino, ndipo sakudziwa kanthu.

Sindikufuna kudziyeretsa. Zaka makumi atatu ndinkaphunzitsa ana kuti asalembe chinthu chimene sanachione ndi maso awo, ndipo ine ndinagonja chifukwa chosapatsidwa moni masiku awiri. Choipitsitsa n'choti nditayamba kulemba ndinakondwera nayo ntchitoyo. Ndinasankha mawu, ndinakonza ziganizo, ndinanyadira kuti chinenerocho sindinachiiwale. Ndikanalemba mosasamala mwina akanaitaya m'dengu.

Achemwali ako analakwa chifukwa chokukonda. Usawataye.

Za bambo womasulirayo, monga mkulu wa mpingo ndiyenera kukuuza kuti umusiye m'manja mwa Mulungu. Ndakuuza. Tsopano monga mlamu wako ndikuti ukaima pamaso pa anthu usadalire pakamwa pa wina aliyense. Loweza mawu ako m'chinenero cha komweko, akhale ochepa, afupiafupi, oti sangapindike. Upitenso ndi munthu wina womva zinenero zonse ziwiri. Ngati ufuna ndikukonzere ziganizo, cholembera chimene chinalakwa chija chikadali ndi inki.

Ndine mlamu wako.


16 Ogasiti

Okondedwa Achemwali ndi Alamu,

Moni kwa nonse. Amayi akuyenda bwanji? Mwana wanga mayeso anakhoza? Achemwali, tsegulani makina, anthu akudikira zovala zawo. Keyala ija ndinalemba ndine, ndi dzanja langali. Tisiyire pomwepo.

Tsopano khalani pansi ndikuuzeni.

Mwezi watha abusa analengeza kuti Malilime adzozedwa kukhala mkulu wa mpingo. Akhukhi ankafuna tipite nawo mapepala aja kwa abusa mwakachetechete. Ndinakana. Ine anandinyazitsa pa guwa, iyenso alandire zake pa guwa. Ndinadikira milungu inayi. Ziganizo zinayi zimene alamu ananditumizira ndinkaziloweza pamakina ositira, nsalu iliyonse chiganizo chimodzi, mpaka anzanga anayamba kuganiza kuti mutu wasokonekera. Pa nthawi yopuma akhukhi ankandikonza katchulidwe.

Tsikulo holo inadzaza, ena ataima pamasitepe. Malilime anavala suti yatsopano, mkazi wake ndi ana atatu ali pampando wakutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, malo a opumitsidwa. Abusa atafunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa munthuyu kudzozedwa, ndinaimirira. Mawu anatuluka m'chinenero chawo chomwe.

"Munthu uyu anagwira mnzanga m'kachipinda ako. Ine ndinamuona akutuluka. Mnzanga atadandaula, iye anasintha mawu ake. Ine sindinabe kanthu."

Iye anaseka pang'ono, n'kuuza abusa kuti mayiyu chinenero sakuchidziwa, asokoneza mawu, amulole andifunse m'chinenero chathu kuti awathandize kumva. Apo akhukhi anaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti aliyense wamva, palibe chofuna kumasulira. Anawerenga masamba atatu aja, poyamba m'chinenero cha a Magalasi kuti a dziko lawo amve kuti sakuwonjezera, kenaka m'cha kuno. Ine ndinayenda pakati pa mipando mpaka kutsogolo, n'kuyala bulauzi ija, imene a Magalasi anandisiyira, patebulo pamaso pa abusa.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti mayi wina wa kwaya, wa dziko linanso, anaimirira. Ati chaka chatha iyenso anakadandaula za munthu yemweyu, kudzera pakamwa pomwepa, ndipo anadabwa kuona akulu akumupempherera kuti asiye mowa, iye sanaulawepo. Atakhala pansi, anaimiriranso wina.

Malilime anatsegula pakamwa, n'kutseka. Anayamba m'chinenero cha kuno, n'kulumphira ku china, osamaliza chiganizo. Thukuta linadontha pa kolala. Mkazi wake ananyamuka, kugwira ana, n'kutuluka osamuyang'ana. Iye atawatsatira, anthu a pamasitepe sanamupatse njira msanga, anachita kudzipanikiza kukhoma. Podutsa pamene ndinaima ndinamuuza m'chinenero chathu, motsitsa, "Kamasuliretu zimenezi."

Sindinathere pomwepo. Masiku a ntchito amamasulira pa kachipatala kena, komwe amayi achilendo amanena matenda awo kudzera mwa iye. Ine ndi amayi awiri aja tinapita kwa mkulu wa pamenepo ndi mapepala athu. Anamuimitsa ntchito. Ndinadutsa dala pa msewu wa kwawo, makatani ali otseka masana. Mundipempherere ngati n'tchimo, koma ndinamva kukoma.

Abusa anandipepesa pa guwa, misozi ili m'maso, n'kundibwezera pa mgonero. Ndinawauza kudzera mwa akhukhi kuti woyenera kupepesedwa ali kutali, ndipo pomuthamangitsa tinathandizana, iwo, Malilime ndi ine. Loweruka ndikukolopa ndekha. Akufuna andipatse wina, ndati adikire kaye.

Lachiwiri kunabwera kalata ya sitampa yachilendo, kudzera kwa akhukhi. Ndinaisunga m'thumba la yunifomu tsiku lonse ndisanalimbe mtima kuti andiwerengere. A Magalasi anafika bwino. Ntchito sanaipeze, mwana wamkulu uja wayamba waima sukulu. Akuti sanandikhululukire, ndipo sakudziwa kuti adzatero liti, ndisawafunse. Koma akazi a akhukhi anawalembera kuti kutchalitchi kunachitika zinthu, ndiye akufuna azimve kwa ine, amene ndinali pafupi. Ati ndilembe zonse, ndisasiye kanthu, makamaka mmene nkhope yake inaonekera.

Takhala tikulemba masiku atatu pa nthawi yopuma, ine ndikunena, akhukhi akulemba. Akudandaula kuti dzanja lawawa ndipo anyezi akuwadikira. Tafika tsamba lachisanu ndi chimodzi. Nkhope yokhayo yatenga tsamba lathunthu.

Ndine mng'ono wanu.